Kodi mwana angakhoze mayeso a Fomu 4 powerenga yekha kunyumba, popanda pati taimu?

Make Tadala (Chilobwe)

Ndikupereka moni kwa makolo anzanga ndi aphunzitsi onse a pagulu lino. Ndabwera ndi nkhawa imene yandisowetsa tulo kuyambira pamene teremu ino inayamba. Mwana wanga wamkazi ali mu Fomu 4 pasukulu ina yoyendera ya CDSS, ndipo alemba mayeso a MSCE chaka cha maphunziro chino chikamatha. Kuyambira ali mu Fomu 2 takhala tikumulipirira pati taimu ya Masamu ndi Bayoloje kwa mphunzitsi wina wa m'dera lathu, koma bambo ake ntchito inawathera mwezi wa Ogasiti, ndipo ndalama zimene ndimapeza pogulitsa mandasi ndi tomato zikungokwanira lendi ndi ufa. Pati taimu ija tinaimitsa. Mwanayo sanagwe ulesi, pakuti usiku uliwonse amakhala pamakope ake mpaka cha m'ma 11 koloko, koma mayeso a pakati pa teremu atabwera wapeza 31 pa 100 pa Masamu ndi 44 pa Bayoloje. Akungolira kuti anzake opita ku pati taimu amusiya m'mbuyo. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 7, choncho zimene akuphunzira sindingamuthandize. Kodi alipo pano amene mwana wake anakhoza bwino powerenga yekha kunyumba, ndipo ankawerenga motani?

Aphunzitsi Opuma (Mponela)

Mayi a Tadala, pepani ndi zimene zakugwerani pakhomo. Ndinaphunzitsa Bayoloje m'sukulu za sekondale zaka zoposa makumi awiri ndisanapume pantchito, ndipo ndisanakuyankheni ndikufuna mundiuze chinthu chimodzi. Mwanayo akakhala pamakope mpaka usiku, kwenikweni amachita chiyani? Ndikukupemphani kuti usiku uno mukhale naye pafupi, musamuyankhule kanthu, mungoyang'ana manja ake ndi maso ake, ndipo mawa mudzatifotokozere zimene mwaona.

Make Tadala (Chilobwe)

Ndachita monga munanenera, aphunzitsi. Anatsegula kope la Bayoloje pamutu wa mtima ndi kayendedwe ka magazi, n'kuyamba kuwerenga chamumtima milomo ikugwedera. Akafika pamawu amene akuwaona ngati ofunika ankadula mzere kunsi kwake ndi bolopeni yofiira. Atamaliza masamba anayi anabwereranso poyambirira n'kuwerenganso, kenako anatenga kope lina latsopano n'kuyamba kukoperamo manotsi omwewo mwaukhondo kwambiri. Masamu sanawakhudze n'komwe, ndipo nditamufunsa anandiyankha kuti amawasiya chifukwa funso likamukanika palibe woti amufunse.

Aphunzitsi Opuma (Mponela)

Zikomo kwambiri, Mayi, mwationetsa pamene pagona vuto. Mwana wanu ndi wakhama, koma khama lakelo likuthera pantchito imene mayeso safunsa. Munthu akawerenga tsamba kachiwiri ndi kachitatu, mawu aja amayamba kuoneka odziwika, ndipo mtima umamuuza kuti wazimvetsa. Komatu kuzindikira chinthu pamene chili pamaso pako n'kosiyana ndi kuchitulutsa m'mutu pamene buku latsekedwa. M'chipinda cholembera mayeso a MANEB mwana amakhala ndi pepala loyera ndi bolopeni basi, ndiye kukonzekera kwake kuyenera kufanana ndi zimenezo.

Muuzeni ayese izi usiku uno pamutu womwewo wa mtima. Awerenge masamba awiri okha kamodzi, modekha, kenako atseke kopelo n'kulikhalira ngati kuli kofunika, kuti asayesedwe kusuzumira. Atenge pepala lopanda ntchito, ngakhale kuseri kwa kalendala yakale, ajambule mtima ndi zipinda zake zinayi, alembe dzina la chipinda chilichonse ndi la mitsempha yolowa ndi yotuluka, ndipo aonetse ndi timivi njira imene magazi amadutsa pochoka m'thupi, kupita kumapapo, kubwerera kumtima ndi kutulukanso. Akafika poti m'mutu mwauma, atsegule kope n'kuyerekeza. Bolopeni yofiira ija aigwiritse ntchito polemba zimene anaiwala ndi zimene anasokoneza. Tsiku loyamba pepalalo lidzafiira ndithu, ndipo mwanayo adzakhumudwa, koma zofiirazo ndiye phunziro lake lenileni la usiku umenewo. Mawa lake, asanatsegule mutu wina, ajambulenso mtima uja osayang'ana paliponse.

Ndinene mosabisa, pakuti inenso ndinaphunzitsapo pati taimu m'zaka zanga zoyambirira. Chimene chinkathandiza ana amene ankabwera kwa ine sichinali nzeru zachilendo zimene m'kalasi sindinkapereka. Chinali chakuti ndinkawafunsa mafunso mmodzimmodzi, n'kuwachongera pomwepo, n'kuwabwezera pamene alakwitsa, zomwe m'kalasi ya ana ochuluka sizitheka. Zinthu zitatu zimenezi mwana akhoza kudzichitira yekha pa maphunziro ambiri, bola wina amuonetse kachitidwe kake.

Bambo a Yamikani (Kawale)

Aphunzitsi, ndikulemekeza zaka zanu pantchito, koma ndikuona kuti mbali ina ya nkhaniyi mwaidumpha. Njira yanuyo ikugwira ntchito ngati mwanayo ali kale ndi manotsi athunthu m'kope. Nanga ngati mutuwo sunaphunzitsidwe n'komwe? Mwana wanga wamkulu anaphunzira pa CDSS ina kumene mphunzitsi wa Fizikisi anasamutsidwa pakati pa chaka, ndipo panatha teremu yathunthu asanabwere wina. Labotale kunalibe, mabuku ankagawana buku limodzi ana asanu ndi mmodzi, ndipo pofika nthawi ya mayeso silabasi inali isanathe. Ana a m'sukulu zotere amalemba pepala lomwelo limene amalemba ana a m'sukulu zogonera komweko zokhala ndi zipangizo zonse. Makolofe sitilipira pati taimu chifukwa chokonda kutaya ndalama, koma chifukwa tikutseka dzenje limene lilipodi. Masamu makamaka, mwana akakanirira pa sitepe imodzi, angatseke buku n'kulitsegula kakhumi koma sitepe ija siidzadzimasula yokha.

Aphunzitsi Opuma (Mponela)

Bambo a Yamikani, mwanena zoona ndipo sindikutsutsani. Sukulu za CDSS zinachokera m'malo ophunzirira a Malawi College of Distance Education, ndipo zambiri zinayamba ntchito ya sekondale zilibe labotale kapena laibulale, pomwe chiwerengero cha ana chinali chitakwera kwambiri maphunziro a pulayimale atakhala aulere mu 1994. Dzenje limene mukunenalo ndi lenileni. Chimene ndikukana ndi maganizo akuti amene alibe ndalama ya pati taimu basi zake zada. Pa nkhani ya mitu yosaphunzitsidwa ndi ya Masamu ndikanakonda atayankha achinyamata amene adutsamo posachedwa, chifukwa ndikudziwa kuti pagulu lino alipo.

Mwana wa Alimi (Ntcheu)

Ndiloleni ndiyankhe ngati mmodzi wa amene anadutsa njira imeneyi. Ndinaphunzira pa CDSS ya kumudzi, sindinapiteko ku pati taimu ngakhale tsiku limodzi, ndipo panopa ndili chaka chachitatu kuyunivesite ya boma. Sindikunena izi modzitama, koma kuti Tadala adziwe kuti njira ilipo ngakhale ndi yaminga.

Chinthu choyamba chimene chinatithandiza chinali silabasi yeniyeniyo. Masilabasi a sekondale amakonzedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi, ndipo sukulu iliyonse imayenera kukhala nawo, kawirikawiri mu ofesi ya ahedi kapena kwa mkulu wa dipatimenti. Ife tinapita kukapempha mwaulemu, ndipo anatilola kukopera mitu yonse ya Masamu, Bayoloje ndi Zaulimi kuyambira Fomu 3 mpaka Fomu 4. Mutu uliwonse tinauika chizindikiro: umene taphunzira ndipo tikuumva, umene taphunzira koma sitikuumva, ndi umene sitinauphunzire n'komwe. Tsiku limenelo mantha anga anachepa, chifukwa mdani amene ndinkangomumva mumdima ndinamuona kukula kwake. Mitu yosaphunzitsidwa inalipo ndithu, koma siinali yochuluka monga ndinkaganizira.

Chachiwiri chinali gulu. Tinali anayi okha, atsikana awiri ndi anyamata awiri, ndipo tinkakumana Lachitatu masana ndi Loweruka m'mawa m'kalasi ya pulayimale ya pafupi, titapempha chilolezo. Lamulo lathu linali lakuti aliyense abwere atakonzekera kuphunzitsa mutu umodzi pabolodi, wopanda kope m'manja, ndipo atatu otsalawo amupanikize ndi mafunso. Ndimakumbukira tsiku limene ndinaimirira kuti ndifotokoze ma quadratic equation, ndili wotsimikiza kuti ndikuwadziwa, koma mnzanga atandifunsa chifukwa chimene timapezera mayankho awiri ndinangoima choko chili m'manja. Madzulo ake ndinakhalira funso limenelo mpaka ndinalimvetsa, ndipo sindinaliiwalenso. Gulu likaposa anthu asanu limasanduka bwalo la macheza, choncho Tadala asankhe anzake ochepa amene ali ndi njala yofanana ndi yake.

Pa Masamu, Bambo a Yamikani, ife tinkachita motere. Tinkatenga chitsanzo chosovedwa kale m'buku, n'kuphimba yankho ndi pepala, n'kuyesa tokha mzere woyamba, kenako n'kutsitsa pepalalo pang'ono kuti tione ngati tafanana ndi buku. Tikatero tinkadziwa mzere weniweni umene watisokoneza. Mafunso otikanika tonse anayi tinkawalemba m'kope limodzi, ndipo Lolemba pa nthawi yopuma mmodzi wa ife ankapita nalo ku sitafu. Mphunzitsi ukamuuza kuti sukumva Masamu amasowa poyambira, koma ukamuonetsa kuti wafika pamzere wachitatu ndipo chizindikiro cha kuchotsera chakusokoneza, amakumasulira m'mphindi ziwiri ndipo safuna ndalama. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo ife tinafunsa mpaka aphunzitsi anatizolowera.

NaBanda (Zomba)

Ine ndimaphunzitsa anthu amene akukonzekera ntchito ya uphunzitsi, ndipo ndikufuna kutsimikizira Mayi a Tadala kuti zimene anena Aphunzitsi Opuma zili ndi umboni wa kafukufuku. Mu 1885 katswiri wa ku Germany, Hermann Ebbinghaus, anasindikiza zotsatira za kuyesa kwake pa kukumbukira, ndipo anapeza kuti munthu amaiwala mofulumira kwambiri m'maola oyambirira ndi tsiku loyamba atangophunzira chinthu, kenako kuiwalako kumayenda pang'onopang'ono. N'chifukwa chake kubwereza mawa lake kuli ndi phindu loposa kuwerenga katatu usiku umodzi. Mu 2006 Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke a ku Washington University ku St. Louis anapatsa ophunzira nkhani yoti awerenge. Ena anaiwerenga mobwerezabwereza, ena anaiwerenga kamodzi kenako n'kumayesa kulemba zimene akukumbukira. Patapita mphindi zisanu, owerenga mobwereza aja ndi amene anachita bwino, koma patapita sabata imodzi anakumbukira pafupifupi magawo 40 pa 100, pomwe odziyesa aja anakumbukira pafupifupi magawo 61 pa 100. Chimene chimandikhudza pa kafukufukuyu n'chakuti owerenga mobwereza ndi amene ankadzidalira kwambiri kuti adzakumbukira. Tadala ali m'gulu limenelo, ndipo si mlandu wake, chifukwa palibe anamuuzapo.

Mayi, mwanena kuti simungamuthandize chifukwa munalekezera Sitandade 7, koma ine ndikuona ntchito imene mungaigwire bwino lomwe. Mtolankhani wina wa ku Germany, Sebastian Leitner, anafalitsa mu 1972 njira ya timakadi ndi mabokosi. Tadala adule katoni ya sopo kapena ya tiyi kukhala timakadi, alembe funso kutsogolo ndi yankho lalifupi kuseri. Mupeze zitini zitatu kapena maenvulopu atatu. Timakadi tonse timayambira m'chitini choyamba, chimene chimafunsidwa tsiku lililonse. Kakadi kamene wakhoza kamapita m'chitini chachiwiri, chofunsidwa pakatha masiku atatu, ndipo akakakhozanso kamapita m'chachitatu, chofunsidwa kamodzi pasabata. Akalakwa, kakadiko kamabwerera m'chitini choyamba ngakhale kanali katafika kutali. Inu ntchito yanu ndi kugwira kakadi, kumuwerengera kapena kumuonetsa funso, ndi kuyang'ana kuseri ngati zimene wanena zikufanana ndi zolembedwa. Zimenezi mukhoza kuchita mukukanda ufa wa mandasi.

Azakhali a ku Johannesburg

Nkhaniyi yandigwira mtima chifukwa inenso ndili ndi mwana wa mchimwene wanga amene ndimamulipirira sukulu kumudzi. Ndinali ndi maganizo omutumizira foni yamakono kuti aziona maphunziro pa YouTube ndi kulandira mapepala a mayeso akale pa WhatsApp. Kodi aphunzitsi mukuona kuti foni ingalowe m'malo mwa pati taimu, kapena ndingomuonongera mwanayo?

Mwana wa Alimi (Ntcheu)

Azakhali, foni imathandiza pa chinthu chimodzi chachikulu, chomwe ndi mayeso ochita ndi manja. Bayoloje, Fizikisi, Kemisitiri ndi Zaulimi zili ndi pepala la pulakitiko, ndipo mwana amene sukulu yake ilibe labotale akaona pakanema mmene amayezera sitachi m'tsamba ndi ayodini, kapena mmene amalumikizira mabatire ndi mababu, sadzanjenjemera akadzaziona patebulo. Koma kuonera kanema kuli ndi msampha womwe uja wa kuwerenga mobwereza, chifukwa wofotokozayo akamasova bwinobwino iwe umadziona ngati wamva. Ngati mutumize foniyo, ikhale m'manja mwa munthu wamkulu, mwanayo aziitenga ali ndi funso lodziwika, ndipo kanema akatha aziibweza n'kusova funso lofanana nalo papepala. Foni yogona nayo kuchipinda imadya bandulo ndi tulo, ndipo maphunziro amatsalira.

Gogo Nasibeko (Mulanje)

Ana anga, mwakamba za makope ndi mafoni, koma palibe wafunsa kuti mtsikanayu amayamba kuwerenga nthawi yanji ndipo amakhala atagwira ntchito zotani. Ine ndalera adzukulu asanu, ndipo ndaona ndi maso anga kuti mnyamata akaweruka kusukulu amaponya chikwama n'kupita kumpira kapena pamabuku, pomwe mtsikana amapita kumjigo, kukasaka makala, kuphika, kutsuka mbale ndi kusambitsa ana. Akamakhala pansi kuti awerenge, thupi latha kale. Mayi a Tadala, ndikufunsani ngati mwana wanga, musandimvere molakwa: mandasi anuwo amakazinga ndani, ndipo amadzuka nthawi yanji?

Make Tadala (Chilobwe)

Agogo, funso lanu landilasa, ndipo ndiyankha zoona. Tadala amadzuka nane 4 koloko m'mawa kudzandithandiza kukazinga, kenako amatunga madzi asanapite kusukulu. Akaweruka amadzandilandira pamsika kuti ine ndikapikule tomato, ndipo madzulo amaphika. Pamakope amakhala itadutsa 8 koloko. Masiku ena ndimamupeza ataviika mapazi m'beseni la madzi ozizira kuti asagone, mutu ukuwezuka, tochi ili pakamwa chifukwa magetsi azima. Mlongo wake wa Fomu 1 sagwira ntchito zimenezi, ndipo kunena zoona sindinaganizepo kuti pali cholakwika, poti ifenso tinakula choncho.

Gogo Nasibeko (Mulanje)

Mwayankha ngati mayi wokonda mwana wake, ndipo Mulungu akudalitseni. Tsono pati taimu imene mungamulipirire popanda ndalama ndi imeneyi: mumupatse maola awiri a masana dzuwa likadalipo. Mlongo wakeyo manja ali nawo, atunge madzi ndi kukulandirani pamsika, ndipo bambo ake poti ali pakhomo masiku ano akambirane nanu za kagawidwe ka ntchito mpaka mayeso adutse. Miyezi yake ndi yowerengeka. Mnyamata amene waphunzira kuphika nsima sanachepe, ndipo mawa akadzapita kutali adzakuthokozani.

Aphunzitsi Opuma (Mponela)

Agogo anena chimene ine ndinayenera kufunsa poyamba. Mwana wogona 11 koloko n'kudzuka 4 koloko akugona maola asanu okha, pomwe wa msinkhu wake amafunika maola osachepera asanu ndi atatu, ndipo ubongo umakhazikitsa zimene waphunzira pamene munthu ali m'tulo. Beseni la madzi ozizira lija limatsegula maso koma silitsegula mutu. Ndikanakonda Tadala atawerenga maola awiri masana ndi ola limodzi madzulo, n'kugona 9 koloko. Masamu awaike poyambirira pa maola a masanawo mutu ukadali wopepuka, tsiku lililonse, ngakhale mafunso asanu okha, chifukwa phunziro limene mwana amaliopa ndi limene amalikankhira kumapeto mpaka tsiku litha. Aziwerenga mphindi makumi atatu kapena makumi anayi, n'kuimirira pang'ono kukamwa madzi, n'kubwereranso.

Ndionjezere za Chingerezi, chimene palibe wachitchula. Pa MSCE magiredi amayambira 1 mpaka 9, ndipo 1 ndi 2 ndi disitinkishoni, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi pasi, pomwe 9 ndi kulephera. Mwana akalephera Chingerezi salandira satifiketi ngakhale atakhoza maphunziro ena onse, ndipo kuti apikisane nawo pa malo a m'mayunivesite a boma amafunika makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi. Phunziro limeneli silifuna pati taimu koma chizolowezi. Nyuzipepala zakale zimene mumakulungira mandasi, Mayi, muzimupatsa kaye Tadala. Awerenge nkhani imodzi, aipinde, alembe mfundo zake zikuluzikulu m'ziganizo zisanu za iye mwini, pakuti luso lofupikitsa nkhani ndi lolemba manotsi limafunsidwa pamayeso. Loweruka lililonse alembe chimangirizo chimodzi atadziikira nthawi, ndipo Lolemba akapemphe mphunzitsi wa Chingerezi kuti amuchongere. Poti muli mu Blantyre, nthambi ya National Library Service ilipo mumzindamo, ndipo ndi malo abata owerengera Loweruka. William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi pa njala ya 2001 ndi 2002, anaphunzira za magetsi m'mabuku a mulaibulale yaing'ono ya kwawo mpaka anapanga makina amphepo opangira magetsi, Chingerezi chake chili chochepa, akudalira zithunzi za m'mabukumo.

Bambo a Yamikani (Kawale)

Ndamva zonse, ndipo pa nkhani ya silabasi ndi gulu la anthu anayi ndagonja, moti mwana wanga wachiwiri ndimuuza achite zomwezo. Komabe ndikuchenjezeni za chinthu china chimene chimabwera mwana akakhala ndi mantha ndipo makolo alibe ndalama. Mayeso akayandikira mumatuluka anthu pa WhatsApp onena kuti ali ndi likasa, n'kumapempha kuti muwatumizire ndalama pafoni. Mnansi wanga anagulitsa mbuzi chifukwa cha zimenezi, ndipo zimene analandira anali mafunso a zaka zam'mbuyo atangosinthidwa chaka pamwamba. Ngakhale likasalo litakhala lenileni, tonse tikukumbukira kuti mu Novembala 2020 mayeso a MSCE anaimitsidwa chifukwa mapepala anabedwa, ndipo ana onse, olakwa ndi osalakwa omwe, analembanso mu Januwale 2021. Mapepala a mayeso akale ndi abwino ndipo sukulu zimakhala nawo, koma agwiritsidwe ntchito poyera ngati zoyeserera.

NaBanda (Zomba)

Pa mapepala akalewo ndionjezere kagwiritsidwe ntchito kake, chifukwa ana ambiri amawawerenga pamodzi ndi mayankho ngati nyuzipepala, ndipo akatero pepala lija latayika. Tadala asankhe tsiku limodzi pa masabata awiri, akhale patebulo ndi wotchi, alembe pepala lathunthu m'nthawi imene yalembedwa pamwamba pake, osatsegula buku ndiponso osaimirira. Akamaliza asinthane ndi mnzake wa pagulu kuti achongerane. Pa Masamu azilemba njira yonse imene wadutsa, chifukwa ochonga amapereka malikisi panjira yolondola ngakhale yankho lomaliza litaphonyeka. Kenako funso lililonse limene walakwa alilembe m'kope lapadera pamodzi ndi chifukwa chake, kaya sanamve funso, kaya anaiwala fomula, kaya anathamanga. Pakatha miyezi iwiri kope limenelo lidzamuuza yekha mitu imene ikufuna nthawi yake.

Make Tadala (Chilobwe)

Ndabweranso patatha masabata atatu kuti ndikuuzeni mmene zikuyendera, poti munandithandiza ngati abale anga. Tinakhala pansi ndi bambo ake, ndipo poyamba sanamvetse, koma nditawawerengera zimene analemba Agogo anakhala chete kwa kanthawi n'kuvomera. Tsopano madzi akutunga mlongo wake, pamsika masana akundilandira bambo ake, ndipo Tadala akuwerenga kuyambira 3 koloko mpaka 5 koloko pakhonde. Kukazinga kwa m'mawa ndamuchotsako. Tsiku loyamba kujambula mtima uja analira, chifukwa anangokumbukira zipinda ziwiri, koma dzulo wandijambulira wonse pamodzi ndi impso, ine nditagwira kope ndikuyang'ana ngati maina akufanana. Zitini zitatu zija zili pawindo, ndipo mawu ena a Bayoloje ndayamba kuwadziwa ngakhale lilime limandilemera powatchula. Gulu apanga atatu, iye ndi atsikana awiri a kutchalitchi kwathu, ndipo ahedi anawalola kukopera silabasi. Pa mayeso a Bayoloje a sabata yatha wapeza 58.

Masamu okha ndi amene akadali kumbuyo, wapeza 36. Akuti akaphimba chitsanzo amatha kutsatira, koma funso likabwera m'mawu, monga la sitima ziwiri kapena la mthunzi wa mtengo, sadziwa poyambira. Pamenepa ndikupemphanso nzeru.

Mwana wa Alimi (Ntcheu)

Mayi, kuchoka pa 31 kufika pa 36 m'masabata atatu si kuima, ndipo vuto limene watchulalo ndi lodziwika. Mafunso a m'mawu amavuta chifukwa m'buku amabwera pansi pa mutu wake, ndiye mwana amadziwiratu njira, pomwe pamayeso amabwera osakanikirana. Muuzeni kuti asanagwire nambala iliyonse ajambule chithunzi cha zimene funso likunena, mtengo, mthunzi wake ndi mzere wochoka kunsonga ya mtengo kufika kumapeto a mthunzi, ndipo adzaona yekha kuti yatuluka thirayango. Pachithunzipo alembe zimene wapatsidwa, ndipo chimene akufunsidwa achiike chizindikiro cha funso. Kwa sabata imodzi atenge mafunso khumi a mitu yosiyanasiyana m'mapepala akale, asawasove, angojambula chithunzi ndi kulemba mutu umene funso lililonse lachokera, kenako akaonetse aphunzitsi ake Lolemba kuti amuuze amene walondola. Ngati angajambule funso la sitima ziwiri lija ndi pamene wafika n'kulitumiza pano kudzera pafoni yanu, ndidzaliyang'ana Lachisanu madzulo ndikatuluka m'kalasi.